Mbande ndinapsereza ndine, mlandu asenza bambo anga

Aphungu,

Kalata iyi ndikuilemba kachitatu, ziwiri zoyambazo ndinang'amba. Ndine mtsikana wa zaka 19, kwathu ndi kufupi ndi Nsaru, ndipo ndili m'chaka choyamba pa koleji ina ya zaulimi. Maina a anthu amene ndiwatchule muno ndasintha, koma nkhani yokhayo sindinaichepetse, chifukwa kubisa ndatopa nako.

Zaulimi sindinazigwere mwangozi ngati anzanga ena amene ankafuna unamwino koma malo anawasowa. Ndili Fomu 3 aphunzitsi anatitengera ku Chitedze kukaona minda yoyeserera mbewu. Kumeneko tinapeza mayi wina atavala jombo, miyendo ili mbuu ndi fumbi, akufotokoza kusiyana kwa mitundu ya mtedza ngati akunena za ana ake. Ndinabwerako nditatsimikiza mtima kuti ntchito yanga ndi imeneyo, kufufuza mbewu kapena kukhala mlangizi woyenda m'midzi.

Dzina langa litatuluka kuti ndasankhidwa, bambo anga, a Yonasi, anakondwa kuposa mwiniwakene. Iwo ndi mkulu wa mpingo kwathu, komanso wapampando wa kalabu ya fodya ya mabanja asanu ndi limodzi. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa analiiwala. Ankangoti, "Alangizi, mwadzuka bwanji?" kapena "Apatseni mpando alangizi." Mudzi wonse unatengera, ndipo ndisaname, zinkandikomera.

Chimene kumudzi sakudziwa n'chakuti chaka choyamba munda timangouonera pazenera. Ndi masamu, sayansi, kompyuta ndi Chingerezi basi. Chilowereni pakoleji khasu sindinaligwirepo. Zaulimi zimene zili m'mutu mwanga ndi zomwe ndinachoka nazo kwathu, nazonso n'zochepa, poti zaka zinayi ndinali ku sekondale yogonera konko ndipo nyengo ya nazale inkandipeza ndili m'kalasi.

M'mwezi wa Okutobala ndinapita kumudzi masiku atatu kukaona amayi pa tsiku la anakubala. M'mawa mwake bambo anati, "Alangizi, mwabwera bwino. Tiyeni kudambo mukaone odwala anu." Kalabu yathu imafesa nazale malo amodzi, banja lililonse bedi lake, ndipo feteleza amasungunula ndi bambo chifukwa thumba limakhala kwa wapampando. Titafika ndinaona mbande zili zachikasu, zosakula bwino. Kunali a Nowa okha, mdala wina wa m'kalabumo, akuthirira bedi lawo ndi kheni.

Bambo anandifunsa kuti, "Kodi zimenezi ku sukulu kwanu amati chiyani?" Aphungu, yankho loona linali pakamwa pompa, kuti sindikudziwa. Koma ndinaona mmene ankandiyang'anira, atavula chipewa ngati akulankhula ndi abusa, a Nowa nawo atasiya kuthirira kuti amve. Ndinakumbukira kuti m'buku lina tinawerenga kuti mbewu ikachita chikasu ndiye kuti ikusowa chakudya. Ndinagwada, ndinatembenuza tsamba limodzi monga ndinaonera mayi wa ku Chitedze uja, n'kunena mosadodoma kuti asungunule feteleza wa yureya, kapu yodzaza pa kheni iliyonse. Muyeso umenewo sindinauwerenge paliponse. Unangotuluka.

A Nowa anapukusa mutu. Anati, "Yureya pa mbande zanthete, dzuwa lake ili? Langa bedi mulisiye, ine sukulu sindinapite." Pamenepo ndi pomwe ndikanabwerera m'mbuyo. M'malo mwake ndinawayankha kuti, "Masiku ano ulimi ndi sayansi, a Nowa, si za makedzana ayi." Mawu amenewo ndikawakumbukira ndimafuna nthaka itang'ambika ndilowe. Mdalayo anayamba kulima fodya amayi anga asanabadwe.

Tinathira masana omwewo, mabedi asanu, ine ndemwe ndikunyamula kheni monyadira. Madzulo bambo anauza a m'kalabu kuti alangizi apereka mankhwala, ndipo ena anabwera kudzandithokoza. Mayi wina anandipatsa mtedza wokazinga woti ndikadyere kusukulu. M'mawa mwake ndinakwera minibasi pa Nsaru n'kubwerera.

Panatha milungu itatu osamva kanthu. Ndikaimba foni bambo ankangoti, "Kuno kuli bwino, inu limbikirani sukulu." Amene anandiululira ndi alamu anga a Lidiya, akazi a achimwene. Anati patangopita masiku awiri mabedi onse asanu anapserera ngati wathirapo madzi otentha. Latsala ndi la a Nowa lokha. Kufesanso kunali kutachedwa, mvula ili pafupi. A m'kalabu atakumana, ena anayamba kutchula za ine, koma bambo anaimirira n'kunena kuti, "Mwanayo musamunene. Iye ananena kasipuni kakang'ono, amene ndinachulutsa mpaka kapu yonse ndine. Maso akalamba awa." A Nowa anali pomwepo koma sanawatsutse.

Bambo anga ndi munthu amene zaka zonsezi anthu ankabwera kudzapempha mbande kwa iwo. Tsopano mlungu wathunthu akhala akupalasa njinga mpaka ku Kabudula, dengu kumbuyo, kupemphetsa mbande zotsala m'manazale a anthu kuti mabanja asanu aja apeze chowokera. Zina apeza, koma sizikwana minda yonse. Pa msika anyamata akumawaseka, akuti "a Kapu adutsa". A m'kalabu agwirizana kuti chaka chikatha asankhe wapampando wina. Zonsezi iwo sanandiuzepo ngakhale liwu limodzi.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi cha Lamulungu lapitali. Kumpingo kwathu kunali mgonero. A Lidiya akuti bambo, amene amagawa nawo mkate chaka ndi chaka, anakana kugawa, anakana kudya, ndipo anakakhala pabenchi yakumbuyo pamene pamakhala anthu oimitsidwa. Palibe anawaimitsa, anadziimitsa okha. Amayi atawafunsa kunyumba anangoti, "Pakamwa panga sipali bwino." Anthu ayamba kale kunong'onezana kuti mwina a Yonasi ali ndi nkhani ya chibwenzi kapena mowa. Kwathu konse ine ndekha ndi a Nowa ndife tikudziwa kuti munthu amene sindinamumvepo akunama chibadwire changa ananama pagulu chifukwa cha ine.

Ndili ndi manyazi, Aphungu, manyazi oti ngakhale kudya sindikumva kukoma. M'kalasi aphunzitsi akangotchula feteleza ndimaweramitsa mutu ngati akundidziwa. Mayeso ayandikira koma ndikatsegula buku ndikungoona njinga ya bambo ndi dengu.

Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Alice, akuti ndingokhala chete. Akuti, "Bambo ako anasankha okha kukutchinjiriza, ukaulula uwachititsa manyazi kawiri. Anthu akumudzi sachedwa kuiwala." Wanditengeranso fomu yopempha kusintha maphunziro, yoyenera kubwezedwa mayeso asanayambe. Akuti ndikhoza kupita ku za bizinesi, ndidzagwire ntchito ya mu ofesi m'tauni komwe kulibe wondifunsa za mbande. Fomuyo ndalemba kale dzina, yangotsala kusayina. Mtima wina ukundiuza kuti munthu amene wapha nazale ya mudzi asanamalize ngakhale chaka chimodzi sayenera kudzatchedwa mlangizi. Tchuthi cha Khirisimasi ndikuganiza zokakhala kwa azakhali m'tauni, kuti ndisakaonane ndi a Nowa.

Kodi ndisayine fomuyi? Nanga bambo ndiwatani? Ndikaulula ndiwaonetsa kuti ndi abodza, ndikakhala chete apitiriza kukhala pabenchi yakumbuyo. Ndithandizeni chonde.

N.C., Nsaru

*

Wokondedwa N.C.,

Ndikutchula kuti iwe, mwana wanga, chifukwa ulemu wa "alangizi" wakupweteka kale mokwanira.

Fomuyo uibweze kwa Alice isanasayinidwe. Sindikunena kuti za bizinesi n'zoipa, kapena kuti munthu sangasinthe maganizo m'chaka choyamba. Ambiri amasintha ndipo zimawayendera. Koma kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo sindinapezemo mzere ngakhale umodzi wonena kuti ulimi wakutopetsa. Za mayi wa jombo uja walemba ndi mtima wonse, za mu ofesi walemba ngati munthu wosakasaka pobisala. Ntchito ya moyo wonse saisankha pothawa mdala mmodzi wa kudambo. Ndipo ndikuuziretu, khalidwe loyankha zimene sukuzidziwa ukapita nalo ku ofesi, kumenekonso ukapsereza zina. Ngati chaka chikatha, mutu utazizira, udzaonebe kuti ulimi si wako, udzasinthe masana anthu akuona.

Unalakwa, ndipo sindikupaka mafuta. Kusadziwa sikunali kulakwa kwako, chifukwa palibe wophunzira wa miyezi iwiri amene amadziwa matenda a nazale. Unalakwa ponamizira kudziwa, ndipo unalakwa kwambiri ponyoza munthu amene ankakutsina khutu. Paja amati safunsa anadya phula. Tsoka lake phula limeneli wadya ndi mabanja asanu amene sanalakwe kanthu. Manyazi amene ukumvawo ndi oyenera, usawathamangitse msanga. Koma manyazi ongokhala nawo m'chipinda sawokera munda wa munthu.

Bambo ako nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo ndikunena mwaulemu. Anakuveka nsapato zazikulu usanakule phazi. Mlimi wa zaka zambiri ngati iwo anayenera kudabwa ndi muyeso umene unanena, koma chikondi ndi kunyadira mwana zinawatseka maso. Ndikukhulupirira kuti iwo akuzidziwa zimenezi, ndipo mwina n'chifukwa chake anafulumira kusenza mtolo wonse. Choncho usapite kwa iwo ngati chigawenga chokagwada kwa woweruza. Nonse awiri munaterereka pamalo amodzi.

Tsopano tamvera zochita. Usadikire Khirisimasi, ndipo kwa azakhali usapiteko. Nsaru si kutali. Loweruka likubwerali kwera minibasi, ukagone kwanu, Lamulungu ubwerere ku mabuku ako. Nkhani iyi si ya pafoni, chifukwa pafoni bambo ako akuyankhanso kuti kuli bwino ndipo iwe uvomera poti ndi zomwe ukufuna kumva. Ukafika uwapemphe kuti mukhale pansi awiri, amayi ako alipo ngati n'kotheka. Uwauze kuti zonse wamva, za mabedi, za njinga, za mgonero. Uwapepese, kenako uwauze chimene sunawauze mu Okutobala, kuti chaka choyamba simuphunzira za nazale ndipo muyeso uja unangoupeka. Akuyenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa pako, osati kwa munthu wina.

Pa mfundo imodzi Alice akunena zoona, ndipo uisamale. Usathamangire ku kalabu kapena kwa abusa bambo ako asanadziwe. Ukatero uwavula pagulu munthu amene anakufunditsa. Bodza lija ndi lawo, ndipo oyenera kulikonza ndi iwo eni. Iwe ntchito yako ndi kuwamasula. Chimene chikuwamanga pakamwa ndi mantha akuti choona chikadziwika iwe usweka mtima, usiya sukulu, kapena mudzi ukuseka moyo wako wonse. Uwaonetse kuti sukusweka. Uwauze kuti, "Bambo, ndakula, mlandu wanga nditha kuusenza. Tiyeni tikanene limodzi." Njira zake zokaonekera kwa akulu anzawo a mpingo akuzidziwa bwino kuposa iwe ndi ine. Mkulu wa mpingo amene wadziimitsa yekha popanda womuneneza ndi munthu amene chikumbumtima chake chili moyo, ndipo sindikayika kuti anzake amulandira.

Ukachoka apo upite kwa a Nowa, wekha, wapansi. Usatenge mawu a kusukulu. Ukagwade monga unaleredwera, ubweze mawu aja a makedzana, ndipo uwathokoze chifukwa chosunga pakamwa pamene akanatha kukuyalutsa ndi liwu limodzi. Kenako uwafunse chimene iwo anaona pa mbande zija, ndi chifukwa chake anakana. Utenge kope ulembe. Udabwa kuti zimene akuuze pakhonde pawo udzazipezanso m'buku chaka chachitatu, zitangovala Chingerezi.

A m'kalabu akadzakumana, ukaime pambali pa bambo ako n'kunena mwachidule kuti muyeso unapereka ndiwe ndipo sunkaudziwa. Ena adzakwiya, ndipo ali ndi chifukwa, poti fodya wa chaka chino ndiye chakudya ndi zovala za ana awo. Usadziteteze. Madzi akatayika saoleka, ndipo mbande zopserera sungazidzutse. Chimene uli nacho ndi manja awiri ndi tchuthi. Masabata amenewo uwathere m'minda ya mabanja asanu aja, kupalira, kubandira, kupakiza pamene pafa, chilichonse chimene eni minda akuuze. Dzina lakuti "a Kapu" likhoza kuchoka kwa bambo ako n'kubwera kwa iwe. Ulilandire, ndi lako. Maina otere amafufutika munthu akamaoneka m'munda m'mawa uliwonse.

Za upampando usalimbane nazo. Kalabu ikafuna kusankha wina isankhe, koma isankhe ikudziwa kuti maso a bambo ako akuonabe bwino.

Kusukulu nako usabise. Pita kwa mphunzitsi wa za mbewu kapena za nthaka, umufotokozere zonse monga wandifotokozera ine, ndipo umufunse chimene chinapha mbande zija ndi chimene chinayenera kuchitika. Ine muyeso woyenera sindikuuza chifukwa sindiudziwa, ndine phungu wa pa nyuzi, si mlangizi. Waona mmene ndanenera mosavuta? Uyeserere mawu amenewo mpaka azolowere lilime lako: sindikudziwa, ndikafunsa. Mlangizi weniweni amawanena kangapo pa mlungu ndipo alimi samuchepetsa nawo. Mphunzitsi yemweyo umufunsenso mmene maphunziro ako ayendere zaka zikubwerazi, kuti ndi liti muyambe za kumunda, ndi maphunziro ati oyenera kulimbikira munthu wofuna kufufuza mbewu, ndiponso ngati ophunzira amatha kupempha malo ophunzirira ntchito ku malo ngati Chitedze. Kwanunso kuli mlangizi wa boma woyendera dera lanu. Pa tchuthi umupemphe kuti uzimutsatira masiku ena, umunyamulire chikwama, uzimvetsera mmene amafunsira alimi mafunso asanatsegule pakamwa kulangiza. Ndipo mayeso awa ulembe ndi mphamvu zako zonse. Ukalephera ndiye kuti bambo ako apalasa njinga ija pachabe.

Uwapemphenso akuitane dzina lako limene anakupatsa okha. La ulangizi lidzabwera nthawi yake, utalikhetsera thukuta.

Chenjezo langa ndi ili. Bambo ako adzakana. Adzaseka, adzati zinapita, adzakuuza kuti iwe uzingolimbikira sukulu, mwinanso adzakalipira a Lidiya chifukwa choulula. Pamenepo mtima wako udzapepuka ndipo udzafuna kuvomera, kuti udzakonza zonse ukadzamaliza maphunziro. Usavomere. Ukhale pomwepo mpaka akuyang'ane m'maso. Iwe zaka zitatu zatsalazo udzazitha uli kutali, pakati pa anthu osadziwa kanthu. Iwo adzazitha ali pomwepo, Lamulungu lililonse la mgonero akudutsa mabenchi onse kukakhala kumbuyo, anthu akuwapekera milandu imene sanapalamule. Anakutchinjiriza tsiku limodzi chifukwa ndiwe mwana wawo. Usawasiye pabenchi imeneyo mpaka akalambirepo.

Aphungu